Nyumba ya Goloboyi

Ndaona ena mukugundana zigongono chilowereni ine muno. Musavutike, ndi ine ndithu. Amene munkabwera ku bwalo la pa esiteti kuno kwa Chulu zaka zija mumandidziwa kuti Loko. Dzina la ubatizo ndi Edisoni, koma limenelo ankaitana ndi amayi okha. Sindikulalikirani, ine si mbusa. Ndingokuuzani mmene ndinatayira nyumba ya amayi anga, chifukwa ena mwa inu fungo lanu ndalimva pakhomo paja, ndipo fungo limenelo ndimalidziwa ngati la thukuta langa.

Ife kwathu n'ku Phalombe. Tinabwera kuno pa lole ya matenanti ine ndili mwana, bambo akudzalima fodya wa bale pa esiteti. Mlendo ndi mame, amatero akulu, ndipo tenanti ndiye mame enieni. Fodya akangogulitsidwa, ambiri amakwera lole n'kumapita. Ife tinakhalitsa chifukwa bambo anali ndi dzanja pa fodya, akapitawo sankafuna kuwataya. Koma chifuwa chinawatenga nyengo yosoka fodya, ine nditangotha zaka makumi awiri. Panalibe wonyamula maliro mpaka ku Phalombe. Tinawaika kumanda a alendo, kuseri kwa mabulugamu, kumene amagona anthu amene abale awo anakwera lole kalekale.

Lamulo la pa esiteti n'lachidule. Nyumba ndi ya munthu amene ali pa ntchito. Mayi wamasiye wopanda mwamuna wolima alibe malo. Chimene chinatipulumutsa ndi manja angawa. Mwini esiteti ankakonda mpira kuposa fodya wake. Anali ndi timu yosewera mu ligi ya chigawo, osewera tinkalandira pamwezi ngati makalaliki, ndipo a timu yoyamba ankatipatsa nyumba za njerwa mu mzere wa pafupi ndi bwalo. Ya goloboyi inali kumapeto kwenikweni. Ukakhala pakhonde pake unkaona nsonga za mabulugamu aja.

Tsiku limene tinalowa m'nyumbamo amayi anakhala pakhondepo nthawi yaitali. Kenako anati, "Edi, ine ku Phalombe ndinatsanzika. Tsiku langa likadzakwana mudzandigoneke apo, pafupi ndi bambo ako. Munthu uja sankatha kukhala yekha."

Ndinati, "Musadandaule amayi, malinga ine ndili pagolo."

Ndinali pagolo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinama, ndinkaugwira mpira. Koma zinali zaka zomwe zija masacheti a mowa anadzaza m'maokala monse, zaka za makuponi a feteleza. Tikapambana, masapota ankandipanikizira timapaketi m'thumba. Poyamba ndinkamwa tikapambana. Kenako tikagonja. Kenako Lachitatu popanda chifukwa. Pofika chaka chachisanu manja ankanjenjemera m'mawa mpaka nditaluma kamodzi. Goloboyi wonjenjemera manja, mwamuonapo?

Tsono mverani mmene ndinkabisira, chifukwa aliyense wa ife ali ndi pobisira pake. Mukudziwa kuti goloboyi akamalowa m'bwalo amanyamula kachikwama n'kukakaika pakona ya ukonde. Kachikwama kameneko sikakhudzidwa. Wosewera mnzako sakakhudza, kochi sakakhudza, ngakhale woimbira amangokayang'ana m'mbali. Aliyense amadziwa kuti muli za timu, ndipo za timu safunsa. Kanga munali timizu tina timene anandipatsa mkulu wina nditangoyamba. Ine ndinataya timizuto kudzala n'kudzazamo masacheti. Mpira ukakhala kutsidya, ndinkagwada kuyang'ana ukonde, mutu pansi, n'kuluma kamodzi. Masapota ankaimba nthungululu. Ankati Loko akutseka golo. Zaka ziwiri zathunthu anthu ankandiombera m'manja ndikumwa pamaso pawo.

Kochi wathu anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wosachedwa kupsa mtima koma wachilungamo. Fungo ankalimva ngakhale nditatafuna masamba a gwafa. Anasecha m'thumba, anasecha m'masokosi, osapeza kanthu. Tsiku lina anaima pafupi ndi ukonde, maso pa kachikwama kaja.

Ndinati, "Tsegulani a Kochi, ngati mukufuna. Koma tikagonja musandifunse ine."

Anabweza dzanja. "Yayi," anatero, n'kuchoka.

Ndinaseka mumtima tsiku limenelo. Ndinkadziona wochenjera zedi. Koma zigoli zinayamba kulowa zochititsa manyazi. Mpira wa kona ndinkaupita pansi, wina unandidutsa pakati pa miyendo ukungogubuduka. Ndinkanamizira otchinga kumbuyo, dzuwa, mphepo, woimbira. Kunyumba ndinayamba kutapa chimanga cha amayi kukasinthitsa. Iwo ankangoyang'ana thumba likuphwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinali ndi masewera ndi timu ya kwa Chisemphere, fodya atatha kugulitsidwa, bwalo litadzaza, mwini esiteti ali pampando ndi alendo ake a ku boma. Chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo ndinkagwira bwino. Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli, ndipo masapota a alendo anagwirizana kuti vuto ndi kachikwama. Tikubwerera m'bwalo, chimunthu china chachitali chinadumpha chingwe, n'kutsomphola kachikwama kaja, liwiro. Anzanga anachithamangitsa. Chitafika pakati pa bwalo chinang'amba kachikwamako kuti mankhwala atayike asukuluke.

Anatayika ndi masacheti. Odzaza, otha, ena oluma theka, mbwee pa udzu.

Bwalo lonse linakhala zii. Woimbira anatola limodzi, ananunkhiza, n'kulikweza m'mwamba ngati khadi. Pamenepo mayi wina wogulitsa zitumbuwa ananena mokweza, "Kani loko wake ndi ameneyu." Kuseka kumene kunabuka apo sindidzakuiwala. Anaseka a kwa Chisemphere, anaseka ndi athu omwe. Chigawo chachiwiri ndinamwetsedwa zinayi. Amayi sankaonera mpira, koma nyumba inali pafupi ndi bwalo, ndipo kusekako anakumva ali pakhonde.

Lolemba anandiitana ku ofesi. Munali a manijala a esiteti ndi a Gondwe. A manijala anakankha kalata patebulo. "Timu yaganiza zosiyana nawe. Ubweze jezi ndi magolovesi."

Ndinayamba kuwerenga zaka zanga, mapenate amene ndinagwira, chala chimene ndinathyoka chifukwa cha timu yawo. A Gondwe anandidula.

"Loko, ukanabwera n'kunena kuti ndadwala, tikanakunyamula. Koma iwe unakabisa pamalo pamene tonse timapaopa. Unatipusitsa ndi ulemu wathu womwe. Anyamata aja sangakukhulupirirenso kumbuyo kwawo."

"Nanga nyumba?" ndinafunsa.

"Nyumba ndi ya goloboyi," anatero a manijala. "Mukhalemo mpaka tipeze wina. Akapezeka, mutuluke."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Mukam'peza kuti wina ngati ine?" Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko. Munthu wataya ntchito, amayi ake atsala pang'ono kugona panja, iye akumenyetsa zitseko.

Kuyambira tsiku limenelo pemphero langa linali limodzi, lakuti asam'peze. Sindinaganize zosiya mowa kapena zofuna malo ena. Ndinkangodikira kuti alephere, abwere adzandipepese.

Sabata yomweyo kunali kuitana maina a makuponi pa bwalo la sukulu. Tenanti salandira kuponi, dzina lake mulibe m'kaundula wa mudzi uliwonse, koma amayi ankapitabe chaka chilichonse kuperekeza anzawo a kumpingo. Maina atatha, wa chimkuzamawu anati pali chilengezo. Anawerenga kuti timu ya pa esiteti ikufuna goloboyi, munthu wamkulu, wodzisunga, wosamwa, ndipo nyumba ilipo. Anabwereza kawiri kuti nyumba ilipo. Khamu lonse linatembenuka kuyang'ana amayi anga. Amene analipo anandiuza kuti iwo anangokonza mpango kumutu n'kuuyamba wa kunyumba, osathamanga.

Mayeso anachitika Loweruka katatu. Kunabwera anthu a njinga ochokera mbali zonse. Ine ndinkakhala patsinde pa mango kuseri kwa golo, sacheti kukamwa, n'kumawazuma. Masabata awiri oyamba kunali zinyalala zokhazokha, ena ogwira mpira ngati akugwira nkhuku. Ndinkabwerera kunyumba ndikuimba. "Amayi, musamange katundu. Alephera."

Iwo ankangopitiriza ntchito zawo. Ndinamva pambuyo pake kuti anapita okha kwa a manijala, anagwada, kupempha ntchito yosankha fodya kuti apatsidwe ngakhale kanyumba ka udzu. Anawayesa. Maso anali atafooka, sankathanso kusiyanitsa mitundu ya masamba. Anabwezedwa.

Loweruka lachitatu kunabwera Chiukepo wa kwa Simlemba, munthu wapabanja, wamtali, wosalankhulalankhula. Mpira woyamba wa kona anautsatira m'mwamba n'kuutsitsa pachifuwa ngati akulandira mwana. Sindinadikire wachiwiri. Goloboyi amam'dziwa mnzake. Ndinanyamuka pamango paja mwakachetechete, ndipo masiku anayi otsatira sindikudziwa kumene ndinagona.

Timu inam'tenga Chiukepo, ndipo a manijala anatipatsa sabata imodzi. Lole ya esiteti inkapita Kummwera kukatenga matenanti atsopano mvula isanayambe, ndipo anati amayi akwere imeneyo, akatsike kwa mng'ono wawo ku Phalombe.

Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Linali Lachinayi masana, lole ikunyamuka mawa lake. Ndinatulukira kunyumba ndikudzandira. Katundu yense anali panja, mitolo iwiri, mphasa, ndowa, kampando ka bambo. Chitseko chinali chotsegula. Sindinayang'ane pansi, ndinangolowa kufuna madzi akumwa. Ndinamva kuzizira kumapazi, phazi likumira. Nditayang'ana, nyumba yonse inali yozira kumene. Dothi lakuda, losalala, lonyezimira kuyambira kuchipinda mpaka pafupi ndi khomo. Amayi anali atagwada pakona, beseni la dothi pambali, kamwala kawo kozirira m'manja. Dothilo anakalitenga okha kudambo, pamutu, maulendo atatu, mayi wa msinkhu umenewo.

Ndipo pakati pa ntchito yawo yonse panali mapazi anga. Okhotakhota, otsetsereka, pena pooneka kuti ndinatsala pang'ono kugwa. Kuledzera kwanga konse kunalembeka pansi.

Ndinakalipa, chifukwa chidakwa chikachita manyazi chimakalipa. "Mukuzirira ndani? Atithamangitsa ngati agalu, inu mukuwakonzera nyumba?"

Sanakweze mutu. Anati, "Nyumba satuluka ili fumbi. Akubwerawo ali ndi mkazi woyembekezera, sanatilakwire kanthu. Ndiye tuluka bwino, Edi, uponde momwe wapondamo kale. Nyumbayi si yathunso."

Ndinabwerera chafutambuyo, ndikuika phazi m'phazi langa lomwe. Ndinakhala pakhonde. Ndipo ndinawaona akukwawa ndi maondo, kuthira timadzi pa phazi lililonse, kulifafaniza ndi kamwala kaja, limodzi limodzi. Sanatukwane, sanalire. Akanandimenya ndi beseni lija bwenzi zili bwino. Ndinawerenga mapazi khumi ndi anayi, ndipo lililonse linawatengera nthawi.

Ali mkati mofafaniza, ngolo inaima panja. Anali Chiukepo ndi mkazi wake, abweretsa katundu woyamba. Mkaziyo atasuzumira n'kuona gogo ali chogwada, anavula nsapato, anamanga chitenje pamwamba pa mimba yake n'kugwada nawo. Chiukepo anabwera kwa ine, anavula chipewa, n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"A Loko, ine kugwira mpira ndinaphunzira poonera inu. Ndinkapalasa njinga kuchoka kwathu kudzakuonani. Pepani kuti takumana chonchi."

Ndinkayembekeza mdani. Ndinasowa pomugwira. Ndinayang'ana manja anga pamaondo, ndinayang'ana mabulugamu aja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanena mumtima mwanga chimene aliyense ankachidziwa, kuti palibe wandilanda nyumbayi, ndaimwa ndekha.

M'mawa ndinanyamula mitolo kukakweza pa lole. Nditaponda tayala kuti ndikwere nawo, amayi anandigwira malaya.

"Ukakwera, bambo ako atsala ndi ndani? Tsala. Upeze malo, umange nyumba, udzanditenge. Ingakhale ya chipinda chimodzi. Ine ndikadikira."

Lole inanyamuka. Ndinaima m'fumbi lake mpaka litatha.

Tsopano njira yobwerera, kwa amene mukuifuna. Sinali ya chozizwitsa.

Choyamba ndinafuna malo amene mowa sufika. Pa tiledingi panali golosale ya Che Jafali, Msilamu, amene sankagulitsa masacheti ngakhale anzake onse ankalemera nawo. Ndinapita ndili wosamwa, thupi lonse likugwedezeka, n'kuwauza zonse popanda kukometsa.

"Ndinaliko tsiku la kachikwama," anatero. "Ndinaseka nawo. Kuseri kuli chipinda cha matumba, ugone mmenemo. Ntchito ndi yotsitsa katundu. Koma chikwama chilichonse chimene ulowe nacho muno ndizitsegula ndekha."

Ndinavomera. Sabata yoyamba ndinasanza, ndinatuluka thukuta, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma. Che Jafali ananditengera kuchipatala pa njinga yawo, ndipo ndikukuuzani, musachite manyazi kupita kuchipatala, kusiya mowa mwadzidzidzi kumapha. Malipiro anga ndinawapempha kuti asamandipatse m'manja, azindisungira kuti ndidzagulire malata. Dzanja langa ndinkalidziwa.

Chachiwiri ndinabwerera pamene ndinachitira manyazi. Patapita miyezi itatu ndinapita ku bwalo nthawi ya maphunziro, n'kupepesa kwa anyamata onse ataima mzere. Ena analavula pansi. Sindinapemphe golo, golo linali ndi mwini wake. Ndinangoti Chiukepo ali bwino m'mwamba koma mipira yapansi kumanzere imamuvuta, ndipo ndingathe kumuthandiza. A Gondwe anandiyandikira mpaka mphuno kugundana.

"Puma."

Ndinapuma.

"Tsiku lililonse uzidzayamba ndi kupuma pamaso panga. Malipiro palibe."

Ndinkam'ponyera mipira Chiukepo mpaka dzuwa kupendeka. Kuphunzitsa munthu amene akugona m'nyumba yako si zinthu zokoma, musanamizidwe. Koma zinkandipatsa chifukwa chofikira madzulo ndili bwino.

Chachitatu, malo. Mkulu wina wa kumpingo wa amayi anandilankhulira kumudzi wina kuseri kwa esiteti, ndipo anandipatsa kachigawo ka tsala, kamchenga, koma mabulugamu aja amaonekera. Dzina langa linalowa m'kaundula wa mudzi. Chaka chotsatira, pa bwalo la sukulu lomwe lija, chimkuzamawu chinaitana Edisoni. Ndinagwira kuponi m'manja, ine mwana wa tenanti. Ndinawaimbira amayi pa foni ya Che Jafali, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayamba kuumba njerwa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Koma mwabwera kudzamva zoona.

Chimanga cha feteleza uja chinabereka, njerwa zinapsa, ndipo ine ndinayamba kudzimva kuti ndachira. Kunali ukwati wa mnzanga wina wa mu timu. Munthu anandipatsa kamodzi, akuti ka chisangalalo, chaka ndi theka wakwanitsa, kamodzi sikangakugwetse. Ndinakaluma. Abale anga, kamodzi kameneko kanatha miyezi isanu. Chimanga chinapita. Theka la njerwa ndinagulitsa. Ku bwalo ndinasiya kupita chifukwa ndinkaopa kupuma pamaso pa a Gondwe. Amayi akaimba foni ndinkauza Che Jafali kuti anene kuti ndili kumunda. Iwo anakana. Anati, "Ine sindinama m'malo mwa munthu. Ndingowauza kuti sukufuna kubwera pa foni." Ndipo ankawauzadi choncho.

Amene anadzanditola ndi Chiukepo. Anandipeza kuseri kwa chigayo dzuwa lili paliwombo, ndili gone m'gaga. Sanandinyoze. Anakhala pansi pambali panga n'kunena kuti, "Mayi aja anaimbira mkazi wanga. Sanafunse za mowa. Angofunsa ngati khomo la nyumba mwaliyang'anitsa ku mabulugamu." Anandikweza pa njinga kubwerera nane kwa Che Jafali, ndipo ndinayambiranso pa chiyambi, kusanza komwe kuja, chipatala chomwe chija. Amene mwagwako kachiwiri, dzukani, kudzuka kulipo. Koma musaganize kuti nthawi imakhala ikukudikirani.

Ndinaumbanso njerwa. Anyamata a timu, omwe aja analavula, anabwera Loweruka lina kudzandithandiza kukweza khoma. Khomo tinaliyang'anitsa ku mabulugamu. Ndinawaimbira amayi kuti konzekani, mwezi wa mawa ndikubwera. Anati, "Ndinakonzeka kale." Mawu awo anali ochepa mphamvu, koma ine ndinaganiza kuti ndi foni.

Ndinali padenga ndikukhoma lata lachitatu pamene ndinaona Che Jafali akubwera wapansi, njinga akuikankha, kofia ili m'manja. Munthu amene sankasiya golosale masana. Sindinafunse. Ndinatsika.

Ndinafika ku Phalombe maliro ali m'nyumba. Ndinagwada pamaso pa amalume n'kuwauza mawu amene amayi anasiya, kuti akagone pafupi ndi bambo. Amalume anandimvetsera mpaka kumaliza.

"Mphwanga, mawuwo ifenso tinawamva, ankawanena tsiku lililonse. Ukanabwera kudzawatenga ali moyo, palibe akanakuletsa. Koma maliro satuluka pamudzi pawo kupita kumanda a alendo. Manda akumbidwa kale."

Sindinatsutse. Ndikanatsutsa ndi nkhope iti?

Titaika, amayi aang'ono anandilowetsa m'chipinda chimene malemu ankagona. Kuseri kwa chitseko kunali mitolo iwiri ija, yomanga ndi chingwe chomwe chija cha tsiku la lole. Anati, "Zaka zitatu zonsezi anakana kumasula. Ankangosolola chovala n'kumanganso. Tikawauza kuti tiike m'sutikesi, ankati Edi abwera." Pamwamba pa mtolo wina panali kansalu kokulunga. Nditamasula, munali kamwala kozirira kaja.

Nyumba inatha patapita masabata atatu chiikire maliro. Masabata atatu. Ine ndinamwera miyezi isanu. Masamuwo muwerengere nokha, ine ndimawawerenga m'mawa uliwonse.

Lero ndatha zaka zambiri osalawa. Ndimaphunzitsa magoloboyi, ndili ndi munda, ndipo chaka chilichonse tikakolola ndimapempha anthu awiri atatu kuti tikalambule manda a alendo, onse, osati a bambo okha. Chiukepo amabwera ndi khasu lake. Anthu amati ndinachira, ndipo n'zoona. Koma musatuluke muno mukuganiza kuti munthu akachira zonse zimabwerera. Madzi akatayika saoleka. Mwa zimene ndinataya, zina ndinatola, koma chimene ndinkachifunitsitsa sindinachipeze.

Tsono iwe amene uli ndi kachikwama kako, kaya kali m'denga, kaya m'chigafa cha fodya, kaya kuseri kwa dzina labwino limene anthu amaopa kulikhudza, katsegule wekha lero, pamaso pa munthu mmodzi amene sangakunamizire. Usati ndisiya fodya akagulitsidwa, usati pakatha ukwati wa uje. Pali wina kwanu amene anamanga mtolo, akukudikira, ndipo sakukuuza kuti mphamvu zikutha.

Nyumba ija ndimakhalamo ndekha. Pansi sindinaike simenti, ngakhale ndikanatha. Mwezi uliwonse ndimapita kudambo, ndimasenza dothi, ndimagwada n'kuzira ndi kamwala kaja. Azimayi a pamudzi ankaseka poyamba kuti mwamuna wanji wozira, pano anazolowera. Ndikamaliza ndimakhala pakhonde kudikira kuti paume, ndikuyang'ana mabulugamu. Bambo ali pomwepo, okha, monga amayi ankaopera.